Tsiku Loika Amalume ndi Zivindikiro Zawo

"ANabanda, kodi zivindikiro zija asiyira yani?"

Adandifunsa choncho ndi mayi woyandikana nafe nyumba, kusanache, tsiku loika amalume. Ndidali nditangodzuka pamphasa m'siwa, khanda lili kumsana, n'kutuluka kuti ndikakoleze moto wa tiyi. Iye adali atanditsogolera kale pamafuwa, atafunda chitenje mpaka m'makutu, akuuzira nkhuni zosafuna kuyaka. Adafunsa ali choweramira, osandiyang'ana. Ine ndidati sindikudziwa, munthu wongogwa osadwala sagawa katundu. Iye adati, "Eya, komatu zoterezi sizisowa mwini."

Ndidamva kumene ankalowera. Kwathu kuno amati mfiti ikafa, zake zimatsala ndi mwana amene inkamukonda. Ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwana amene amalume ankamukonda adali wanga woyamba, Esinati, amene nthawi imeneyo adali sitandade 2.

Amalume adali alongo awo a mayi anga. Mayi atamwalira, ndiwo ankatiyang'anira ine ndi ana anga. Adagwira ntchito zaka zambiri pasitima ya pamadzi, ankakwerera ku Chipoka. Atapuma adabwera kumudzi ndi galasi loonera patali, lija la maso awiri, komanso ndi chizolowezi choyang'ana kumwamba. Ankatola zivindikiro za zitini za mkaka ndi za penti, n'kumaziboola ndi msomali. Chivindikiro chilichonse chidali ndi kachigawo kake ka thambo. Adali ndi chitini chachikulu chimene adachiboola pambali. Mkati ankaikamo koloboyi, pabowopo n'kutsekapo chivindikiro, ndiye kuwala kunkatulukira m'timabowo tija n'kukagwa pakhoma ngati nyenyezi.

Nyenyezi zowala zimene aliyense amaziona, iwo adalibe nazo ntchito kwenikweni. Ankafuna zija zobisala, zooneka ngati kautsi kapena ufa wotayikira pansalu yakuda. Pa zoterozo ankaboola bowo lokulirapo n'kumatapo kapepala kopyapyala kuti kuwala kuzituluka mwachimbuuzi. Chilichonse chidali ndi dzina. Padali Nsangwe, padali Timitambo Tiwiri tosagwetsa mvula, Mazira a Chambo, Thumba la Makala, ndi ena amene ndidawaiwala. Ana a pamudzi ankabwera kudzaonera, ndipo woyamba kutchula dzina ankalandira nthanga ya bwemba. Koma kuti chivindikirocho chikhale chake mpaka masewera ena, ankayenera kutuluka panja n'kukachiloza kumwamba kwenikweniko. Akachipeza, ndi pamene ankamubwereka galasi. Ankati zina mwa zooneka ngati utsizo ndi nyenyezi zambirimbiri zounjikana, zakutali koti sitima singafikeko. Inenso ndidasuzumirapo tsiku lina. Ndidaona kampira ka mchenga wowala, ndidati zikomo, n'kubwerera kukatsuka mbale.

Ankasewera madzulo ana asanagone, chitseko chili chotsekula, ine ndili pomwepo. Padalibe chobisa. Koma zidali zaka za chipani chimodzi, kutsidya kwa nyanja kunkamveka za nkhondo, ndipo munthu wa galasi loonera patali, wa nyali yophethira m'chitini, sakadalephera kunenedwa. Ena ankati akuphunzitsa ana ufiti. Ena ankati amalankhula ndi zigawenga za kutsidya. Makolo adayamba kuletsa ana awo mmodzimmodzi. Pomaliza kudatsala awiri, Esinati ndi mnyamata wa mayi woyandikana nafe uja, amene nthawi zonse ankagonja n'kupita kwawo alibe nthanga.

Asodzi adawapeza m'mawa atagona chagada pamchenga, galasi lili pachifuwa. Adali atalawirira kukadikira Nsangwe, poti nyengo ya mwera ndi pamene zimayamba kutuluka kum'mawa kusanache. A kuchipatala adati ndi mtima. Koma kumjigo nkhani idali yakuti agwa pandege ya usiku pobwerera kumene ankapita.

Tsono m'mawa umenewo, moto utayaka, ndidayang'ana pabwalo. Azibambo amene adachezera panja adali atagona mozungulira chitsa chofuka, ena atafunda masaka. Nyimbo zidali zitazilala, kutangotsala amayi awiri a mpingo akung'ung'udza m'siwa ndi mawu osasa. Usiku wonse ndinkaona kuti anthu olowa kudzapepesa, akagwada, maso awo sankapita pankhope ya malemu. Ankapita kunsi kwa bedi, kumene kudali thumba la zivindikiro.

Mwera udayamba dzuwa lisanatuluke. Nyanja idali yakuda, mafunde akumveka mpaka kukhitchini. Bambo a ana adali kuchilumba cha Mbenji kokapha utaka, ndipo bwato limene tidatuma silidathe kuwoloka. Ndidadziwa kuti tsikulo ndiliona ndekha. Mphepo inkazimitsa moto n'kumathira mchenga m'miphika, mpaka tidazula mphasa za pathandala loyanikapo nsomba n'kutchinga nazo mafuwa. Amayi ankabwera ndi nkhuni pamutu, ena ndi kambale ka ufa, ena ka usipa wouma. Aliyense akatula, ankandigwira dzanja, kenako n'kufunsa kuti Esinati ali kuti, wagona bwanji. Pamaliro a mayi anga palibe adafunsa za mwana. Ndidangoyankha kuti ali bwino, akusewera kuseri.

Dzuwa litakwera anthu adachuluka. Abale a ku Chitala adafika panjinga, miyendo ili mbuu. Kudabwera madoda atatu a ku Chipoka amene adagwira ntchito ndi amalume pasitima, atavala majekete akale. Anansi athu achisilamu adakhala pawokha pansi pa mtengo wa mango, ndipo tidawaphikira m'miphika yapadera monga mwa nthawi zonse. Onsewo ndinkawadziwa, kapena ndinkadziwa amene abwera naye. Koma padali azibambo awiri amene palibe adawadziwa. Adabwera wapansi, koma nsapato zawo zidali zopanda fumbi, kusonyeza kuti galimoto adaisiya pafupi. Sadalowe m'siwa. Adakhala pabenchi pamodzi ndi atcheyamani a chipani a m'dera lathu.

Atcheyamaniwo adali munthu wodya kwathu. Ndiwo ankagulitsa palafini amene amalume ankathira m'koloboyi uja. Tsiku limenelo sadandipatse moni. Ankangopukuta thukuta, chonsecho kukuzizira.

Ndidayamba kuwerenga anthu m'mutu mwanga, kuti kodi wakanena ndani. Mwina mayi woyandikana nafe, chifukwa cha mwana wake wogonjagonja. Mwina mkulu wa mpingo amene adakanganapo ndi amalume za malire a munda. Mwina mphunzitsi wa Esinati, amene mwanayo adamuuzapo m'kalasi kuti Mlalang'amba si mtambo. Aliyense amene ndinkamuyang'ana ndinkamupezera chifukwa. Koma mantha anga adali amodzi. Zikamveka pagulu kuti mwanayu amadziwa za zivindikirozo, ndiye kuti kumudzi akhala mfiti moyo wake wonse, ndipo kuboma akhala mwana wa nyumba ya zigawenga, woti afunsidwe pamodzi ndi amake. Anthu otengedwa kukafunsidwa masiku amenewo sitinkawerengera tsiku lobwera.

Esinati ndidamupeza kuseri kwa nkhokwe akudya mbatata yootcha. Ndidagwada ngati ndikumumanga lamba wa diresi.

"Wina akakufunsa za zivindikiro za agogo, iwe sukudziwa kanthu."

"Koma ndikudziwa."

"Lero sukudziwa."

"Nanga mawa?"

"Mawanso."

Adandiyang'ana, mbatata ili m'kamwa. "Ngakhale changa chija? Ndidachipeza ndekhatu, agogo sadandilozere."

Ndidati ngakhale chimenecho. Ndidamugwira mapewa mpaka adagwedeza mutu.

Chakumasana adzukulu adabwera kuchokera kumanda kudzanena kuti dzenje latsala pang'ono. Kwa osadziwa mwambo wathu, adzukulu ndi anthu a mudzi wina amene amakumba manda, kusambitsa ndi kunyamula maliro, ndipo patsikulo amaloledwa kunena ndi kuchita zimene wina sangayerekeze. Pakati pawo padali mayi wina wachikulire, wamfupi, wopanda mano akutsogolo. Iyeyo adali atavala kale chipewa cha amalume. Adatola zitsononkho ziwiri, n'kuziika m'maso ngati galasi lija, n'kumayenda chopenya kumwamba mpaka kupunthwa pamtondo. Ankati, "Amuna anga awa! Anzawo akuyang'ana akazi, iwo akuyang'ana utsi!" Anthu adaseka, koma kuseka kwake kwachidule, uku akuba maso kubenchi kuja.

Bokosi lisanakhomedwe, atcheyamani adaimirira. Adayamba ndi kuthokoza boma chifukwa cha mtendere, monga ankayambira onse. Kenako adati alendo ali nawowa akufuna kuona katundu wina wa malemu, kuti mitima ya anthu ikhale pansi. Mchimwene wanga wa kwa mayi aang'ono, amene adatsala wamkulu pabanja, adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba lija pamodzi ndi galasi. Adakhuthulira pamphasa. Zivindikiro zidagubuduka, china chidakafika pamapazi a amayi a mpingo, ndipo onse adafunya miyendo ngati yadutsa njoka.

Mmodzi wa alendowo adatenga galasi n'kulikoleka m'khosi, osafunsa. Winayo adatola chivindikiro, adachipenyetsa kudzuwa, adachitembenuza. Adafunsa madoda a ku Chipoka ngati awa si mapu a madoko. Mmodzi adayamba kunena kuti ayi, ndi nyenyezi, malemu ankatero ngakhale pasitima. Mnzake adamukoka jekete, ndipo adamalizira m'khosi. Mlendoyo adati wamva kuti pali ana amene ankaphunzitsidwa zimenezi, ndipo ana sanama. Adati aitanidwe.

Ana adali ataunjikana kale pafupi ndi khola la mbuzi. Bamboyo adanjuta patsogolo pawo, adalankhula mokoma ngati mphunzitsi watsopano. Adafunsa kuti ndani akudziwa chimenechi. Ndiye mnyamata wa mnansi wanga uja adaloza.

"N'cha Esinati chimenecho. Ndiye amachidziwa."

Chidalidi chake, Mazira a Chambo. Kapepala kake ndidachita kumata ndine ndi phala, kakale katang'ambika. Ndidaima pamene ndidali, chikho cha madzi chili m'manja, khanda likundikoka mpango. Sindidasunthe, poti ndikadathamangira pomwepo ndiye kuti ndavomera.

"Kamtsikana, ichi n'chiyani?"

Esinati sadandiyang'ane. Adayang'ana chivindikirocho nthawi yaitali ndithu.

"N'chivindikiro cha mkaka."

"Nanga timabowoti?"

"Kaya. Mwina chadyeka ndi dzimbiri."

"Wabodza!" adakuwa mnyamata uja. "Amati Mazira a..."

Sadamalize. Amake adatulukira kumene adali, adamuwomba khofi, n'kumukokera kuseri atamutseka pakamwa. Mpaka lero sindidziwa ngati ankatchinjiriza mwana wanga, kapena adangozindikira kuti wakeyo akudziulula kuti nayenso ankadziwa.

Bamboyo adaimirira, adasasa fumbi pabondo, n'kuuza atcheyamani kuti zonse zibwerere m'thumba, apita nazo, akaziona bwino kuofesi, ndipo a pabanja adzaitanidwa akafunika. Pamenepo ndi pamene mdzukulu wachikulire uja adadzigwetsa pamphasa. Adayala chitenje chake n'kuyamba kukokolola zivindikirozo ndi manja awiri, uku akulira kulira kwabodza.

"Mayo ine! Ndinkati andisiyira ng'ombe, andisiyira zitini! Basi amuna angawa apite nazo. Kumene akupitako kuli mdima, akaunikira chiyani?"

Atcheyamani adati, "Amayi, zimenezo zikufunika kuboma."

"Kuboma kwatha zitini? Mukadanena, kwathu zilipo zambiri, zinanso za nsomba."

Wina kumbuyo adaseka, n'kusandutsa chifuwa.

"Amayi, musachite chibwana pamaso pa alendo."

"Alendowo atenge, ndani wawaletsa? Koma akatenga za mwamuna wanga, atengenso mwamuna wangayo. Akamukumbire okha, ndi nsapato zawozo. Anyamata, tulani makasu, tizipita."

Adzukulu aamuna amene adaima kumbali adaponya makasu pansi. Mmodzi adayamba kufunyulula buluku ngati wamaliza ntchito. Aliyense ankadziwa kuti adzukulu akachoka, palibe wapamudzi angakhudze maliro, ndipo mtembo ugona m'nyumba mpaka akapepesedwe. Atcheyamani ankadziwanso kuti tsiku lina adzawafuna anthu omwewo pakhomo pawo. Adanong'onezana ndi alendo aja nthawi yaitali. Pomaliza wa galasi m'khosi uja adakweza mapewa, adati zitini zadzimbiri alibe nazo ntchito, chofunika ali nacho kale.

Mdzukulu uja adalowa m'siwa, adakhuthulira zivindikiro zonse m'bokosi, kumapazi kwa amalume. Potuluka adandidutsa pafupi, mpweya wake ukununkha fodya wofwenkha, n'kunong'ona kuti, "Tikazikwirira pansi, mwanayo azigona usiku." Sindidadziwe kuti ndithokoze kapena ayi. Kaya adachita kutipulumutsa kwa alendowo, kaya nayenso ankakhulupirira kuti ndi zaufiti ndipo ankafuna zichoke pamudzi. Sindidamufunse.

Mwambo wa mpingo udali waufupi. Mkulu wa mpingo adawerenga mawu, mphepo ikumutembenuzira masamba a Buku. Pa mbiri ya malemu adanena za sitima, za ubatizo, za kulera ana a mlongo wawo. Za kumwamba kumene ankayang'ana sadatchule. Mchimwene wanga adafotokoza za imfa monga adanenera a kuchipatala, ndipo ndidaona amayi ena akutsinana.

Tidanyamuka dzuwa litapendeka. Esinati ndidamusiya pakhomo ndi khanda, poti ana sapita kumanda. Njira ya kumanda imadutsa m'minda ya chinangwa, kenako imakwera kamtunda ka miyala. Adzukulu adanyamula bokosi pamapewa, amayi a mpingo patsogolo ndi nkhata za maluwa a mapepala zimene mphepo inkafuna kuwalanda. Pamchenga zonse zidali bwino. Titafika pamiyala, onyamula atayamba kupendekeka, m'bokosi mudayamba kumveka gobede, gobede. Nyimbo idatsika. Anthu amene adali pafupi ndi bokosi adayamba kutsalira m'mbuyo, mpaka pakati pa ilo ndi gulu padatseguka mpata woti ngolo n'kudutsa. Ine ndidalowa mumpatamo. Ndidayenda ndekha pambuyo pa amalume mpaka kumanda, ndikumva zivindikiro zawo zikugundana.

Kumanda sikudachitike zachilendo. Adatsitsa, adapemphera, tidaponya dothi. Alendo awiri aja sadafike nawo. Pamene tinkatsika kamtunda kaja tidamva galimoto ikulira kumsewu. Atcheyamani adandipeza panjira, adayenda pambali panga pang'ono, n'kunena motsitsa kuti iwo sadaitane munthu, adangolandira. Ndidati ndamva. Adati palafini wa mwezi uno asalipidwe. Ndidatinso ndamva.

Pakhomo anthu adasamba m'manja, adadya mofulumira, n'kuyamba kutsazika. Pamaliro ena abale amagona masiku angapo. Apa a ku Chitala adati njinga zilibe nyali, ena adati asiya mbuzi panja. Amayi amene m'mawa ankafunsa za Esinati, tsopano ankamulambalala potenga mbale zawo. Mnansi wanga adatuma mwana wina kudzatenga mphika wake, iye sadabwere.

Dzuwa litalowa mwera udaleka. M'nyumba mudatsala ine, ana, ndi azakhali awiri okalamba amene adagona msanga pamphasa. Bedi la amalume lidali litaimikidwa kukhoma. Ndidasesa mchenga umene anthu adalowa nawo, ndidatsuka makapu obwereka, n'kuwasanja kuti ndikabweze m'mawa. Kenako ndidatuma Esinati kukataya madzi otsukira kuseri. Kunja kudali kopanda mtambo ngakhale umodzi, mwezi usanatuluke, usiku wake womwe amalume akadati tulukani nonse. Ndidaima pakhomo kumudikira. Adapita ataweramitsa mutu, adataya madzi, adabwerera ataweramitsa mutu. Atafika pakhomo adaima.

"Amayi, ndayankha bwino?"

Ndidati wayankha bwino.

"Nanga kungoyang'ana kokha, osatchula, n'kolakwanso?"

Ndidamva chitseko cha nyumba yoyandikana nafe chikulira pang'ono, ngati wina wachitsekula n'kuima. Ndidati lowa, kukuzizira. Adalowa, adagona chopenya kukhoma.

Kuboma sitidaitanidwe. Bambo a ana adafika patapita masiku, nyanja itagona, adapeza zonse zatha. Tsiku la maliro lija ndidataya amalume, galasi lawo, zivindikiro zonse, ndi mnansi amene tinkabwerekana naye moto. Mwana adatsala, ali moyo, adapitiriza sukulu. Koma mayina aja sadawatchulenso, ngakhale kwa ine, ndipo mwa mayina onse amene amalume adaphunzitsa, ine ndidasungako anayi okha.